Nsapato Zoloza Kunja



Pamene a hedimasitala anandipempha kuti ndiziyang'anira gulu la zisudzo teremu ino, ndinavomera msanga chifukwa ndinkaganiza kuti ndi ntchito yopepuka. Ndinkati ndizikhala pampando kumbuyo kwa kalasi, kuonetsetsa kuti anyamata ndi atsikana sakutsala okha, ndi kuwakumbutsa nthawi ya Asr ikakwana. Za makamera sindidziwa zambiri. Koma pa masabata 6 apitawa ndakangana ndi ana, ndakangana ndi mtima wanga, ndipo ndadzudzulidwa ndi mkulu wina pamaso pa komiti ya mzikiti, zonsezi chifukwa cha mphindi ziwiri zokha za filimu. Ndaona kuti ndi bwino makolo mudziwe mmene zinayendera musanabwere kudzaonera.

Ana a Fomu 3 akupanga filimu ya mphindi 12 yoti tidzaonetse tsiku lotsekera sukulu. Iwo amaitchula kuti thriller, kutanthauza filimu yochititsa nthumanzi, imene woonera amakhala mtima uli m'mwamba mpaka kumapeto. Nkhaniyo analemba ndi mtsikana wina wofatsa amene m'kalasi mwanga sakweza dzanja kawirikawiri. Ophunzira asonkha ndalama zothandizira mnzawo amene wagonekedwa kuchipatala, aziika m'bokosi lokhoma m'chipinda chowerengera, ndipo kutacha bokosi lili lokhomabe koma mulibe kanthu. Amene analowa m'chipindamo madzulo ake ndi anthu 7. Nditawerenga ndinaikonda, ndipo sindinapezemo chodandaulitsa.

Vuto linabwera ndi chiyambi. Filimu iliyonse ili ndi mphindi zoyambirira pamene mayina a osewera amaoneka ndipo woonera amauzidwa, popanda mawu, mtundu wa nkhani imene ayembekezere. Mnyamata amene akutsogolera filimuyi anabwera ndi mapepala 4 amene anawagawa timabokosi n'kujambulamo ndi pensulo chithunzi chilichonse motsatana. Anagwira ntchito, mwana ameneyu. M'bokosi loyamba munali kanjira kamdima. M'lachiwiri munali chithunzithunzi cha munthu wamtali pakhoma. M'lachitatu munthuyo anaonekera: wandevu zambiri, wovala mkanjo ndi kofia, nkhope yobisika theka. Pansi pake analemba kuti apa pamveke adhana chapatali, kenako zilembo zofiira zodontha ngati magazi.

Ndinamufunsa kuti, “Bambo uyu ndi ndani mwa anthu 7 aja?”

“Sali m'nkhani, Ustadh. Ndi wongoopsezera poyamba.”

“Nanga mkanjo ndi kofia n'zachiyani?”

Anandiyang'ana ngati ndafunsa chifukwa chimene moto umatenthera. “Ndi mmene anthu oopsa amaonekera mu mafilimu, Ustadh.”

Polankhula mawu amenewa n'kuti iye mwini atavala kofia yoyera imene amayi ake anamuchapira. Bambo ake ali ndi ndevu. Ine amene ankandiyankha ndinali mu mkanjo. M'kalasimo panalibe amene anaseka kapena kudabwa, ndipo zimenezi n'zimene zinandiopsa kuposa chithunzicho.

Ndikanatha kukalipa, koma ndinakumbukira kumene ine ndinaphunzira kuonera filimu. Wailesi ya kanema ya dziko lino inayamba mu 1999, ndili kale mnyamata wamkulu. Zisanafike pamenepo tinkapita ku mavidiyo sho, tizipinda tamdima ta kumsika tokhala ndi mabenchi, tikalipira tindalama tosungira pa sopo. Ndinaonera The Delta Force ya Chuck Norris ya mu 1986 kangapo konse, ndiponso True Lies ya mu 1994. M'mafilimu amenewo anthu oipa ankalankhula Chiarabu, ndipo akamawomberedwa chipinda chonse chinkakuwa ndi chimwemwe, ine ndili pakati pomwepo. Madzulo ake ndinkapita ku madrasa kukawerenga Chiarabu chomwecho, osaona kuti pali chosemphana. Patapita zaka ndinamva za Jack Shaheen, mphunzitsi wa ku America amene mu 2001 anatulutsa buku lotchedwa Reel Bad Arabs ataunika mafilimu oposa 900, n'kupeza kuti ochuluka zedi amaonetsa Mwarabu ngati wakuba, wankhanza kapena wachiwembu. Ine sindinafunike buku kuti ndikhulupirire. Ndinali nditakhala pabenchi paja. Ndiye mwana wanga wa Fomu 3 sanapeke kanthu; anangobweza zimene maso ake anadyetsedwa, monga ine pa msinkhu wake.

Ndinawauza nkhaniyi, ndipo anamvetsa msanga. Sabata yotsatira anabwera ndi mapepala atsopano akunyadira. Mkanjo unachoka, adhana inachoka. M'malo mwake munali gogo wachikazi wamaso ofiira, wansanza, akuyenda ndi ndodo usiku. Wina anati ngati gogoyo sakukwanira tiike wamisala wa pamphambano, ndipo wina anati kapena mlendo wolankhula Chichewa chopindika.

Apa mpamene ndinazindikira kuti ndinaphunzitsa theka la phunziro. Ana anamva kuti tisanyoze Asilamu, koma sanamve kuti tisapachike mantha pa mtundu uliwonse wa anthu. Tinangochotsa katundu pamutu pathu n'kusenzetsa wina wofooka kuposa ife. Ndipo kwathu kuno zimenezi si zamasewera. Anawa anali aang'ono mu 2017, koma makolo mukukumbukira mphekesera za anamapopa zimene zinayambira ku Mulanje n'kufalikira ku Phalombe ndi ku Thyolo mpaka kulowa mu Blantyre muno. Anthu anaphedwa ndi magulu a anzawo, ena mumzinda muno, chifukwa choti anali achilendo m'dera kapena anaoneka mokayikitsa. Bungwe la United Nations linachita kuchotsa antchito ake ku Mulanje ndi ku Phalombe. Agogo okalamba akupitirirabe kumenyedwa ndi kutenthedwa nyumba m'midzi yathu powaganizira ufiti, ndipo nthawi zambiri umboni wake umakhala maso ofiira ndi utsi wa nkhuni. Munthu asanatole mwala amakhala ataona kale chithunzi m'mutu mwake cha mmene woipa amaonekera. Wina anachijambula chithunzicho.

Tsiku limenelo tinasiya mapepala n'kutsegula Sura ya Al-Hujurat, ya nambala 49, imene tinaphunzira kale teremu yatha. Mmenemo Allah (Subhaanahu wa Ta'ala) akutilamula kufufuza nkhani tisanaichitirepo kanthu kuopa kupweteka anthu mosadziwa, ndiponso akutichenjeza za kuganizirana zoipa. Ana anaiyankha bwino pamayeso. Chimene sanaganizepo, ngakhale ine sindinaganizepo, n'choti kamera nayo imanyamula nkhani ngati pakamwa, ndipo imatha kudya miseche popanda kutchula dzina la munthu.

Koma wotsogolera uja anafunsa funso lolondola. “Ndiye Ustadh, tiopseza anthu ndi chiyani? Filimu yopanda mantha anthu agona.” Ndinalibe yankho, choncho ndinapempha sabata imodzi.

Ndinayamba ndi chimene ndimadziwa, mbiri. Ndinapempha mphunzitsi wa Physics kuti andithandize, ndipo Lachitatu lina masana dzuwa litawala tinatseka mawindo onse a kalasi imodzi ndi makatoni ndi mabulangete, n'kusiya kabowo kamodzi kakang'ono ngati batani la malaya. Tinapachika nsalu yoyera moyang'anizana ndi kabowoko n'kukhala chete mumdima. Maso atazolowera, mtsikana wina anakuwa. Pansalu paja panaoneka mitengo ya kunja, mpanda wa sukulu ndi mlonda wathu akuyenda, zonse zili chadodolido, miyendo kumwamba. Ndinawauza kuti amene anafotokoza bwino zimenezi ndi Ibn al-Haytham, amene anabadwira ku Basra cha m'ma 965 n'kukagwira ntchito ku Cairo. M'buku lake la Kitab al-Manazir, limene analemba pakati pa 1011 ndi 1021, anasonyeza kuti timaona chifukwa kuwala kumalowa m'diso kuchokera kunja, ndipo anayesa zimenezi ndi nyali ndi chipinda chamdima chonga chathuchi. Kamera ya m'foni iliyonse ndi mdzukulu wa chipinda chimenecho. Ana anaona okha kuti chithunzi chimadalira pamene waboola: tikasuntha kabowo, mlonda amasowa, kumatsala mpanda wokha.

Loweruka lake, ndi chilolezo cha a hedimasitala ndi makolo awiri otiperekeza, tinayenda wapansi kukaona Mandala House. Ambiri mwa anawa amadutsa pafupi tsiku ndi tsiku koma sanaimepo. Nyumbayi inamangidwa mu 1882 ndi kampani ya African Lakes imene inkayendetsedwa ndi abale awiri a ku Scotland, John ndi Frederick Moir, ndipo imadziwika kuti ndi nyumba yakale kwambiri imene idakalipo m'dziko muno. Dzina la dera lathu linachokera kwa John Moir. Iye ankavala magalasi a m'maso amene ankanyezimira padzuwa, anthu n'kumutcha Mandala, dzinalo n'kugwira nyumba, kampani ndi dera lonse. Ndinawauza ana kuti timaphunzira m'dera lotchedwa ndi dzina la magalasi, ndiye tisamaiwale kufunsa kuti tikuonera zinthu m'mandala a ndani.

Phunziro lenileni tsikulo analipereka ndi mnyamata wa kamera. Anajambula nyumbayo ataimirira patali dzuwa lili kumbuyo kwake, ndipo inaoneka malo abwino omwerapo tiyi. Kenako anagwada pafupi ndi ngodya, n'kulozetsa foni m'mwamba, mizati ya khonde n'kutalika, pansi pa denga n'kuda bii. Anatisonyeza zithunzi ziwirizo n'kunena kuti, “Ustadh, nyumba sinasinthe. Ndasintha ndine poima.” Wotsogolera uja anayang'ana chithunzi chachiwiricho nthawi yaitali. Munalibe munthu aliyense, koma chinali choopsa kuposa gogo wake uja.

Tinali titapeza kuti mantha angachokere ku kuwala ndi poimika kamera. Chinatsala n'choti kamerayo iyang'ane chiyani. Apa ndinabwerera ku Sura ya Yusuf, ya nambala 12, imene ndaiphunzitsa zaka zambiri. Ndinafunsa ana kuti ndi chinthu chiti chimene chimabwerabwera m'nkhani ya Mneneri Yusuf (alaihi salaam), ndipo mlembi wathu wofatsa uja anayankha kuti malaya. Ndi zoona, amabwera katatu. Koyamba abale ake akuwabweretsa kwa bambo awo atawapaka magazi abodza, ndipo omasulira Qur'an akale amati Mneneri Ya'qub (alaihi salaam) anadabwa kuti chilombo chadya mwana osang'amba malaya. Kachiwiri, m'nyumba ya nduna ya ku Iguputo, mlandu ukuweruzidwa poona kuti malaya ang'ambika kumbuyo osati kutsogolo. Kachitatu malaya akuikidwa pankhope ya bambo wokalamba ndipo maso ake akutseguka. Qur'an si buku la zisudzo, ndipo sindinalinganize ziwirizi. Koma ndinafuna ana aone kuti pamene anthu ankanama kapena kuganizirana, chinthu wamba chinkanena zoona kwa amene wachiyang'anitsitsa. Umboni unali pa zimene zinachitikira malayawo, osati pa maonekedwe a munthu.

Ndinawaonetsanso ziyambi ziwiri za mafilimu. Choyamba ndi cha Psycho ya mu 1960, chimene anakonza Saul Bass: mizere yotuwa yokha ikuthamanga pa chinsalu chakuda, mayina akubwera atadukaduka n'kulumikizana, kenako n'kusweka. Palibe nkhope, palibe magazi, koma umadziwiratu kuti m'nkhaniyi muli china chosweka. Chachiwiri ndi cha A Separation ya Asghar Farhadi wa ku Iran, imene inapata Oscar mu 2012. Imayamba ngati tili m'kati mwa makina a fotokope, kuwala kukudutsa pansi pa ziphaso za anthu chimodzichimodzi. Ana anati, “Basi zomwezi?” Ndinati zomwezo, ndipo makinawo alipo ngakhale pa Ginnery Corner.

Tinagwirizana kuti chiyambi chathu chisaonetse nkhope iliyonse. M'chipinda chowerengera chija tinayalamo kapeti ndipo aliyense amavula nsapato pakhomo, choncho ndinapereka ganizo langa: kamera idutse pang'onopang'ono pa mapeyala 7 a nsapato, 6 oyera bwino, imodzi yamatope. Ana anawomba m'manja. Ndivomere kuti ndinapita kunyumba ndikudzitama mumtima.

Lachisanu lotsatira, itatha swala ya Jumu'ah, ndinakaonekera ku komiti ya mzikiti ndi ana awiri, wotsogolera ndi mlembi. Mafunso oyamba ndinali nditawakonzekera. A Shehe anafunsa za kujambula zithunzi za anthu. Ndinayankha mosabisa kuti maulama amasiyana maganizo pa nkhani ya kamera, ena amaletsa, ambiri amaloleza ngati zojambulidwazo zili zoyenera, ndipo chigamulo n'cha komiti osati changa. Ndinakumbutsa za The Message ya Moustapha Akkad ya mu 1976, imene ambiri mwa iwo anaonera, mmene Mtumiki (Swalla Allahu alaihi wasallam) saonetsedwa ngakhale kumveka mawu, koma filimuyo siichepa mphamvu. Komiti inaloleza n'kuika malire: tisajambule mumzikiti, adhana ndi mawu a Qur'an zisagwiritsidwe ntchito ngati zokometsera, kavalidwe kakhale kamene timavala pasukulu, pasakhale zida zoimbira, ntchito iime nthawi ya swala, ndipo filimu isaikidwe pa WhatsApp, TikTok kapena kwina kulikonse popanda chilolezo cha kholo la mwana aliyense wooneka mmenemo.

Tikuti tizinyamuka, a msungichuma a komiti, bambo achikulire amene anakhala chete nthawi yonseyi, anapempha kuona mapepala. Anavala magalasi awo n'kuima pa bokosi la nsapato.

“Ustadh, pasukulu panu mwana amene amafika ndi nsapato zamatope ndi uti?”

Ndinayamba kufotokoza kuti ndi chizindikiro chabe, koma anandidula mwaulemu.

“Ayi, ndiyankheni. Ndi amene amatsika m'galimoto pageti, kapena amene wayenda wapansi kuchokera ku Manase, ku Zingwangwa, ku Mbayani? Ine ndinaphunzira ndikuyenda wapansi, ndipo cholembera chikasowa m'kalasi ankayamba kusecha thumba langa. Inu mwavula mkanjo, mwachotsa gogo, koma mwaika mwana wa mmphawi.”

Ndinasowa chonena. Kwa masabata atatu ndinakhala ndikuphunzitsa ana kuti asapachike mantha pa maonekedwe a munthu, ndipo ine mwini ndinachita zomwezo ndi matope, osazindikira, n'kulandira m'manja. Ndinayesa kudziteteza kuti kumapeto kwa filimu mwini nsapatozo amapezeka wosalakwa, ndiye woonera adzachita manyazi ndi kuganiza kwake. A msungichuma anati zimenezo n'zabwino kwa amene adzaonere mpaka kumapeto, koma masiku ano anthu amadula kachidutswa n'kutumizirana, ndipo mwana wa Fomu 1 amene nsapato zake zimafanana ndi zimenezo adzakhala atamva kale kuseka kwa anzake mphindi yoyamba. Sindinapeze poyankhira, chifukwa ankanena zoona.

Amene anatipulumutsa ndi mlembi uja. Analankhula motsitsa mawu, maso ali pansi. “Agogo, bwanji zonse zikhale zonyowa, popeza ndi nthawi ya chiperoni? Koma peyala imodzi iloze kunja. Aliyense akamalowa amavula nsapato zitaloza kuchitseko. Ameneyu anazitembenuza asanalowe.”

A msungichuma anavula magalasi n'kuseka. “Ameneyo ndiye anali ndi changu chotuluka.”

Chizindikiro chimenechi n'chabwino kuposa changa. Matope amanena za kumene munthu amakhala ndi ndalama za makolo ake, zinthu zimene sanasankhe. Nsapato zotembenuzidwa zimanena za chimene munthu anachita ndi manja ake, ndipo wolemera ndi wosauka angachite chimodzimodzi. Tinagwirizananso kuti mapeyala onse 7 akhale nsapato zakuda za yunifolomu zofanana, kuti wina asawerenge mtengo wake.

Tsopano chiyambi chathu chakhazikika, ndipo chili ndi zithunzi 9 pa masekondi 110. Chimayamba ndi mdima ndi phokoso la madontho pamalata. Kenako bwalo la sukulu m'mawa wa chiperoni, nkhungu itaphimba mpanda, popanda munthu. Kamera imatsika pakhonde n'kudutsa nsapato zija kuchokera kumanzere, osaima pa peyala yotembenukayo. Woonera watcheru adzaiona yekha, wosatchera adzaikumbukira pambuyo pake. Kenako tili m'chipinda, kamera ikuyang'ana pansi pa kope la chikuto cholimba mmene analemba osonkha ndalama. Mayina a osewera ndi ogwira ntchito alembedwa mmenemo ndi dzanja, ngati osonkha, ndipo wina akusuntha nyali pang'onopang'ono kuti dzina lililonse lituluke mumdima n'kubwereramo. Pamenepa tinabwereka nzeru ya fotokope ija. Dzanja limatseka loko, makiyi amalira, nyali imazima, ndipo dzina la filimu, Bokosi, limaoneka m'zilembo zoyera zolembedwa ndi choko kwa masekondi 4.

Mitundu tasankha itatu yokha: kutuwa kwa nkhungu ndi simenti, chikasu cha nyali, ndi kubiriwira kwa nsalu yokutira bokosi. Chilichonse cha mtundu wina tikuchichotsa pamaso pa kamera, ngakhale ndowa yabuluu ya pakhonde. Kufiira kumene ana ankafuna kuthira paliponse kukuoneka kamodzi kokha, pamene cholembera chofiira chikudula mzere pansi pa chiwerengero cha ndalama. Popeza diso lakhala mphindi yathunthu osaona kufiira, kamzere kameneko kamalasa kuposa zilembo zamagazi zija. Lamulo la komiti loletsa zoimbira, limene ana analilandira ndi nkhope zakugwa, lasanduka mwayi. Ajambula okha phokoso la mvula, la makiyi, la choko ndi la chitseko cholira, ndipo apeza kuti kachetechete wa masekondi atatu amaimitsa mtima kuposa ng'oma.

Zida zathu n'zosauka. Tili ndi foni imodzi yobwereka imene timaigoneka chopingasa n'kuimangirira pampando ndi mphira ya chubu kuti isagwedere. Kuwala kumachokera ku nyali imodzi yokha, ndipo katoni yomatidwa pepala loyera imabwezera pang'ono kumbali yamdima. Zithunzi za usiku tikujambula masana m'kalasi yotsekedwa ndi makatoni omwe aja a Ibn al-Haytham, choncho palibe mwana amene akutsala pasukulu kukada. Kwa kholo limene likufunsa ngati zimenezi zili ndi tsogolo, ndingonena kuti Amalawi akupanga kale mafilimu olemekezeka kunja. Shemu Joyah, amene ntchito yake yoyamba ndi yoyeza malo, anapanga Seasons of a Life ndi The Last Fishing Boat, ndipo Joyce Mhango Chavula anapata mphoto ya Africa Magic Viewers' Choice mu 2016 ndi filimu yake ya Lilongwe. Koma ngakhale pasapezeke mmodzi mwa anawa wodzapanga filimu ina, onse adzakhala oonera moyo wawo wonse, ndipo ndikufuna azidziwa pamene chithunzi chikuwakokera dzanja.

Mnyamata wotsogolera uja anandipeza sabata yatha n'kundiuza kuti ndamuwonongera mafilimu. Akuti akangoyamba kuonera amapezeka akufunsa kuti kuwala kukuchokera kuti, ndipo akuuzidwa kuti aope ndani. Ndinamuuza kuti pepa, koma mumtima ndinati Alhamdulillah. Ine ndemwe ndasintha pang'ono. Lolemba lapitali foni ya mwana wina inasowa m'kalasi, ndipo ndinadzigwira maso anga akupita okha kumzere wina wa mabenchi ndisanafunse funso ngakhale limodzi. Ndinawabweza. Foniyo inapezeka m'thumba la mwini wake, pansi pa mabuku.

Makolo, pempho langa ndi laling'ono. Mukakhala ndi ana pa TV kapena pafoni, tsiku lina imitsani filimu itangotha mphindi ziwiri n'kuwafunsa kuti, “Mpaka pano tauzidwa kuti woipa ndi ndani, ndipo tadziwira chiyani?” Mudzadabwa ndi mayankho awo, mwinanso ndi anu. Ndikuthokoza komiti ya mzikiti chifukwa cha chilolezo ndi malangizo, makamaka a msungichuma amene anandiwongola pamaso pa ana anga. Akuluakulu anati mawu a akuluakulu amakoma akagonera, koma awa anakoma tsiku lomwelo ngakhale anawawa. Makalata opempha chilolezo cha makolo atumizidwa kudzera mwa ana, chonde asainidwe ndi kubwezedwa sabata ino. Tikusowabe nyali yagalasi imodzi yosasweka ndi mabulangete awiri akuda obwereka, ndipo tidzabweza zonse zili bwino.

Filimu tidzaonetsa muholo tsiku lotsekera, itatha swala ya Dhuhr, Insha Allah. Mufike msanga, chifukwa wochedwa ndi mphindi ziwiri adzaphonya nsapato. Amene anatenga ndalama sindikuuzani; ana anandilumbiritsa.